Funsani Anti: Mwana wa zaka 15 akuti ali ndi 19 kuti amukwatitse

Anti, ine ndimakhala ku Chibavi konkuno ku Mzuzu ndipo ndikulera mwana wa malemu achemwali anga, mtsikana, ali Fomu 1. Pa holide anapita kukaona abale a bambo ake kumudzi ku Mzimba, ndiye ndamva zoti alandira kale mbali ina ya malowolo kuchokera kwa bambo wina wobwera ku Joni. Nditawaimbira akuti mwanayu ali ndi zaka 19, taonani thupi lake, pomwe ine ndikudziwa bwinobwino kuti ali ndi 15 poti ndinalipo tsiku lomwe ankabadwa. Anabadwira pakhomo, pepala lililonse ndilibe. Nditani ine?
Mayi wodandaula, Chibavi

Mayi, mwachita bwino kulemba msanga ng'ombe zisanathe kulowa m'khola. Choyamba dziwani kuti lamulo lili mbali yanu. Lamulo la maukwati la 2015 limati munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo mu February 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko, anachotsa kaja koti mwana wa zaka 15 atha kukwatiwa bola makolo avomere. Ndiye kaya avomera ndi agogo, kaya ndi ankhazi, kaya malowolo adyedwa kale, ukwati umenewo kulibe.

Vuto ndi lomwe mwalitchulalo, akuti taonani thupi. Mawu amenewa ndi amene atha ana athu ambiri, mtsikana akangotha msinkhu basi anthu amamuwonjezera zaka pakamwa, ndipo mukapita kubwalo kwa amfumu amakhala mawu anu ndi mawu awo, iwo ali gulu inu muli nokha, komanso poti kuno kumpoto mwana amawerengedwa wa kuchimuna, azikuuzani kuti inu sizikukukhudzani. Setifiketi ya kubadwa imadula mkangano wonsewo chifukwa tsiku, mwezi ndi chaka zimakhala zolembedwa ndi boma, wapolisi kapena majisitireti sayang'ananso thupi, amayang'ana pepala.

Koma musadikire setifiketi kuti muyambe kuyenda, ayi ndithu. Lero lomwe tsegulani sutikesi ya malemu mufufuze khadi ya kusikelo, ija ya katemera ndi makilogalamu, pamwamba pake anesi kapena alangizi a zaumoyo amalemba tsiku lobadwa ngakhale mwana atabadwira pakhomo. Ikhale yong'ambika, yothimbirira ndi utsi, musataye. Ngati anabatizidwa ali wakhanda pitani kutchalitchi, mabuku a ubatizo amasungidwa zaka zambiri. Pitaninso kusukulu komwe anayambira Sitandade 1 mukapemphe ahedi akulembereni kalata ya zomwe zili mu rejisitala. Mapepala akalewa amalemera kwambiri chifukwa analembedwa nkhani ya malowolo isanabwere, palibe anganene kuti mwaphika.

Mukatero pitani ku ofesi ya Social Welfare kapena kupolisi ku Victim Support Unit, mukafotokoze monga mwandifotokozera ine. Muthanso kuimba 116, ndi nambala yaulere yothandiza ana. Ngati mtsikanayo adakali kumudziko auzeni zimenezo poyambirira penipeni kuti alumikizane ndi anzawo a kuderalo amubweze, ndipo chonde musapite nokha kukalimbana nawo.

Za setifiketi, amapereka ndi a National Registration Bureau, NRB. Lamulo la kalembera ndi la 2010 koma linayamba kugwira ntchito mu 2015, n'chifukwa chake ana ambiri a msinkhu wa wanuyo alibe. Sikuti mwachedweratu, mwana wobadwira pakhomo amalembetsedwabe, mukatenga fomu, amfumu a komwe anabadwira amachitira umboni, inu mutenge chiphaso chanu cha unzika ndi mapepala aja. Chomwe ndikupempheni n'choti mulembetse chaka chenicheni. Makolo ena amachotsera kapena kuwonjezera zaka chifukwa cha sukulu kapena mpira, osadziwa kuti chaka chimenecho chimutsata mwana mpaka pa ID, ndipo kukonza pambuyo pake ndi chintchito.

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike 18. Zimandiwawa ndikaganiza kuti mwina ena mwa iwo anali ndi wachibale ngati inu yemwe ankadziwa zoona koma analibe chogwira m'manja. Abale a bambo akewo auzeni mwaulemu kuti abweze zomwe alandira, mwana abwerere kusukulu temu isanapite patali.

Anti, mwana wanga wakwana zaka 16 ndipo watenga ID. Anzanga akuti ndiye kuti boma lamuvomereza kuti ndi wamkulu, atha kukwatiwa. Ndi zoona?
Bambo wa ku Luwinga

Bambo, si zoona. Chiphaso cha unzika munthu amayamba kutenga ali ndi zaka 16, koma m'malamulo mwathu aliyense wosakwana 18 ndi mwana. ID yomweyo ndi imene ikuonetsa kuti sanafike, pali tsiku lobadwa pamenepo, werengani. Ankhoswe, abusa, mashehe ndi mafumu ndikupempha kuti azifunsa chiphaso cha onse awiri asanayambe kukamba za ukwati, ndipo inu bambo wina akabwera kudzafunsira muuzeni kuti mwana ali pasukulu, akakakamira mukanene kupolisi.