Woyankha ndi amene munasainirana naye

Achemwali, mwalemba m'gulu muno kuti matailosi a m'nyumba mwanu atukuka ndipo kontilakitala wanu akukana kukonza. Musalole zimenezo. Akuti mukalimbane ndi wa matailosi? Wa matailosiyo munamupeza ndinu? Mtengo munagwirizana naye ndinu? Pepala munasainirana ndi kontilakitala, ndalama munkapereka m'manja mwake, ndiye matailosi akatukuka woyankha ndi yemweyo. Munthu wakeyo akathane naye yekha kumbali. Ndawerenga zanuzi mtima wayambanso kundiwawa, chifukwa ine zinandionekera ndi denga.

Ife tinamanga ku Area 49 ku Lilongwe. Kontilakitala tinamupatsa ntchito yonse, kuyambira maziko mpaka makiyi. Pofika pa denga anabweretsa kalipentala wake ndi anyamata, anthu oti ngakhale mayina sindinkawadziwa. Anakhoma malata m'chilimwe, nyumba n'kuoneka bwino, ife n'kulowa. Mvula yoyamba tinangoona banga pa siling'i ya kuchipinda kwa ana. Ndinamuimbira kontilakitala, akuti ndi chinyezi chabe mayi, chiuma.

Mu Januwale inagwa mvula ija ya usiku wonse. Ndinadzidzimuka ndi kukuwa kwa mwana. Magetsi anali atathima, ndikuthamanga ndi tochi ya pa foni, kulowa m'chipinda madzi ali m'mapazi. Siling'i inali itamwa madzi mpaka kulendewera, kenako chidutswa chonse chinagwera pa bedi pomwe wamng'ono anali atangodzukapo. Mabulangete, mayunifolomu, makope a wa Sitandade 8, zonse nyowe. Madzi akutsika motsatira waya wa babu, ine ndikukalipira bambo awo kuti akathimitse pa main switch magetsi asanayake. Tinachezera kutchera mabeseni ndi mapoto, ana ataunjikana pa sofa akunjenjemera. Kutacha tinakweza mmisiri wina padenga. Pokumana malata anapatsirana pang'ono kwambiri pofuna kusunga malata, misomali ina anakhoma m'ngalande momwe mumayenda madzi, ndipo malatawo sanali geji 28 imene inalembedwa pa pepala, anali opyapyala. Matabwa ena osathira n'komwe mankhwala a chiswe.

Ndiye ndimuimbire bwana uja. Yankho lake? "Mayi, denga si ine ndinakhoma, ndikupatsani nambala ya kalipentala." Munthu wamkulu, wa galimoto yolemba dzina la kampani m'mbali, kulankhula zotero opanda manyazi! Kalipentala naye akuti bwana sanandimalize ndalama zanga, malata anagula ndi iwowo, ine ndinakhoma zimene anandipatsa. Uyu akuloza uyu, uyu akuloza uyo, ine ndikugona ndi ndowa pakati pa nyumba. Kenako foni anasiya kuyankha. Ndikamupeza ku ntchito ina akuti ndikubwera Lolemba. Mpaka lero ndikamuona akudutsa ndimamva kutentha m'thupi, chifukwa bwenzi tikunena za maliro.

Loya wina amene timapemphera naye ndi amene ananditsegula maso. Anati ine ndi kalipentala palibe mgwirizano uliwonse, mgwirizano wanga uli ndi kontilakitala, ndipo iye analonjeza nyumba yabwino, kaya agwira ndi manja ake kaya alemba wina. Kugawira ena ntchito sikumuchotsera udindo. Pamene zimavuta ndi pomwe mwini nyumba wabweretsa yekha mmisiri, kapena wayamba kumulipira ndi kumulamula mwachindunji. Apo kontilakitala amapeza pothawira, amati munthuyo anali wanu. Anandilembera kalata, titapereka munthu uja anabwera akunyinyirika, n'kusintha mbali imodzi yokha. Mbali inayo ndi siling'i tinakonza ndi ndalama zathu. Kukhoti sitinapite, tinali titatopa ndipo fizi ya ana inali pakhomo.

Inu musatope ngati ife. Ngati muli ndi ndalama imene simunamalize kumupatsa kontilakitala wanuyo, gwirani, musatulutse ngakhale tambala. Pa makontilakiti enieni amasiya 5 kapena 10 peresenti, amati retention, mpaka padutse miyezi 6 kapena 12 yoonera zolakwika, ndipo zonse zotuluka m'nthawi imeneyo amakonza ndi ndalama zake. Siyani zomangoimba foni, mulembereni kalata kapena uthenga wa pa WhatsApp wonena zipinda zimene zatukuka ndi tsiku limene mukufuna akhale atakonza. Mufunseninso satifiketi ya ku bungwe loona za zomangamanga, lija tinalizolowera kuti NCIC. Ngati analembetsa amaopa kukaneneredwa, ngati sanalembetse amaopa kwambiri.

Wa matailosiyo musamupatse ndalama, musamuuze kuti akonze, mungasenze nokha katunduyo. Komabe nambala yake tengani, mucheze naye bwinobwino, chifukwa anthu amenewa akakhala kuti sanalipidwe amaulula zonse, kaya simenti inachepa, kaya guluu wa matailosi anagula wotchipa. Ndipo kwa amene mukumanga panopa m'gulu muno, ine ndimati zipangizo muzigula nokha, muziima pamenepo tsiku lililonse, mmisiri akamalakwitsa mumuuze bwana wake pompo, musadikire.

Achemwali, jambulani zithunzi ndi vidiyo lero lomwe, chipinda chilichonse, mukugogoda matailosiwo kuti kumveke kuti pansi pali mphako. Akangobwera usiku umodzi kudzagumula, umboni wanu wapita.