Kodi variance ndi shoti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Atawerengera katundu kumapeto kwa mwezi, abwana awo analemba papepala kuti pa simenti pali variance ya matumba 4. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Mwana wawo wa ku koleji anawauza kuti variance ndi nkhani ya masamu, sikhudzana ndi kusowa kwa katundu. "Ndiye zoona ndi ziti? Kodi abwanawa akutanthauza kuti ndaba?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Abwana anu ndi mwana wanu onse akunena zoona, kungoti aliyense wagwira mbali yake. Mawuwa anachokera ku Chilatini, variare, kutanthauza kusintha kapena kusiyana, ndipo mulibe kuloza munthu chala.

Kusitoloko, variance ndi kusiyana kwa zimene buku likunena ndi zimene maso aona. Buku likuti matumba 120, inu mwawerenga 116, kusiyana kwake ndi 4. Mukanapeza 124, abwana akanalembabe variance ya 4. Shoti imene timaiopa ija ndi mbali imodzi chabe. Owerengera ndalama amachitanso chimodzimodzi ndi bajeti: mwakonza kuti mafuta a galimoto adye K200,000 koma adya K230,000, amati variance yoipa, akadya K180,000, amati yabwino.

Mwana wanuyo akunena zina, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi nkhani imene ndimaikonda. Tiyerekeze alimi awiri a chimanga pa zaka zisanu. Woyamba wakolola matumba 18, 20, 22, 19 ndi 21. Wachiwiri wakolola 5, 35, 10, 30 ndi 20. Mukaphatikiza, aliyense wapeza matumba 100, avereji yake 20 pa chaka. Papepala ndi ofanana. Koma kafunseni ana a mlimi wachiwiriyo za chaka cha matumba 5 chija, mmene Febuluwale anawapezera m'nkhokwe muli mbee! Avereji imabisa njala imeneyo, variance ndiye imaiulula.

Kawerengedwe kake n'kotere. Chaka chilichonse onani kuti zokolola zatalikirana bwanji ndi 20. Mlimi woyamba: 2, 0, 2, 1, 1. Nambala iliyonse ichulukitseni ndi iyo yomwe, mupeza 4, 0, 4, 1, 1. Zonse pamodzi 10, kugawa ndi zaka 5, yankho ndi 2. Wachiwiri watalikira ndi 15, 15, 10, 10, 0, zimene zikupereka 225, 225, 100, 100, 0. Pamodzi 650, kugawa ndi 5, yankho ndi 130. Ndiye 2 uku, 130 uko! Kuchulukitsa kuja kumachititsa kuti chaka chokolola zochepa ndi chaka chokolola zambiri zisafafanizane, komanso kuti chaka chotalikirana kwambiri ndi avereji chimveke kulemera kwake.

Amene anayamba kugwiritsa ntchito mawuwa motere ndi Ronald Fisher wa ku England, mu 1918, pofufuza mmene ana amatengera makolo awo. Chaka chotsatira anayamba ntchito ku Rothamsted, malo ofufuzira za ulimi, kumene anakhalira pansi zolembedwa za zokolola za zaka zambirimbiri, kufuna kusiyanitsa zimene wachita feteleza ndi zimene yachita nyengo.

Kulinso tanthauzo lina ku America: munthu akaloledwa mwapadera kumanga mosiyana ndi malamulo a mapulani a dera lake, chilolezocho amachitchanso variance. Chimenecho sichikukukhudzani.

Tibwerere ku simenti yanu. Ine ndimaona kuti si bwino bwana kungolemba mawu otere osamufotokozera wantchito, chifukwa munthu amavutika mumtima popanda chifukwa. Mawa pempheni kuti muwerengenso limodzi, thumba ndi thumba. Onani mapepala obwera ndi lole ngati matumba amene anatsitsidwa akugwirizana ndi amene analembedwa. Funsani ngati pali matumba ong'ambika kapena ouma ndi chinyezi amene anaikidwa pambali osachotsedwa m'buku, ndiponso ngati pali kasitomala amene anatenga pangongole risiti isanalembedwe. Musasaine pepala lililonse lovomera kudulidwa malipiro zimenezi zisanachitike. Mukawerenganso, mundilembere kuti matumba anayiwo anali kuti.