Mayunitsi akutha msanga? Asiyeni ana ndi machaja awo, yambani ndi giza

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo sabata yathayi ndipo ndati ndiyankhe poyera chifukwa funso lawo ndi la ambiri aife muno mu Blantyre. Akuti pakhomo pawo alipo anthu 8, iwowo, bambo akunyumba, ana anayi, apongozi amene anabwera kuchokera kumudzi ndi mtsikana wothandiza ntchito. Ali ndi giza, cooker ya mapuleti anayi, filiji, deep freezer yopangira mafirizi ogulitsa, TV ndi mafoni ambirimbiri. Mayunitsi akuti sakufika pakati pa mwezi. Mawu awo enieni ndi awa: "Ndatopa kukalipira ana kuti azizimitsa magetsi ndi kuzula machaja koma palibe chikusintha, kodi mita yathu ndi yabwinobwino kapena ikutibera?"

Amayi, zikomo polemba, ndipo ndikumvetsa mmene zimawawira mita ikayamba kulira usiku nsima ili pamoto, foni mulibe kanthu ku Mpamba kaya ku Airtel Money. Koma ndikuuzeni mosabisa, anawo mukuwakalipira pachabe. Chaja ya foni imadya magetsi ochepa zedi moti mukhoza kutchaja foni imodzi tsiku ndi tsiku mwezi wathunthu osamaliza yunitsi imodzi. Ndalama zanu zikupita ku zinthu zimene zimatenthetsa, giza, cooker, ketulo, ayironi, hita. Chilichonse chimene chimatentha mukachigwira ndiye chikudya mayunitsi anu, zinazi ndi zazing'ono.

Tiyambe ndi kumvetsa kuti yunitsi ndi chani, chifukwa tikamagula timangoona nambala basi. Chipangizo chilichonse chamagetsi chimalembedwa mawati ake pansi kapena kumbuyo, pamakhala nambala yotsatana ndi W. Yunitsi imodzi ndi chinthu cha mawati 1000 chikayaka ola lathunthu. Ndiye babu lakale lija la mawati 100 limatha yunitsi imodzi pa maola 10, ketulo ya mawati 2000 imatha yunitsi imodzi pa mphindi 30 zokha, puleti imodzi ya cooker imakhala pa 1000 mpaka 2000 kutengera kukula kwake, giza yambiri ili pa 2000 kapena 3000. Chaja ili pa 5, 10, yaikulu 20 kapena kuposerako pang'ono. Tengani kope la mwana muzungulire nyumba yonse mukulemba manambala amenewa, mudzaona nokha kuti wakuba ali kuti.

Giza ndiye nkhani yaikulu. Kutenthetsa thanki ya malita 150 kuchoka pa madzi ozizira apampopi kufika pa madigiri 60 kumatenga mayunitsi pafupifupi 7, ndipo pakhomo pa anthu 8 thanki imeneyo siitentha kamodzi patsiku ayi, woyamba akasamba madzi ozizira amalowa giza nkuyambanso, wachiwiri chimodzimodzi, mwana wina nkukhala mu shawa mpaka wina amugogodere, mtsikana wantchito naye akutsuka mbale ndi kukolopa ndi madzi otentha omwewo poti ali pampopi pompo. Mukawerengera mupeza kuti mayunitsi 10 kapena kuposa patsiku akuthera kubafa kokha. Pamwezi ndi 300 amenewo amayi.

Chochita chake sikuti muichotse gizayo. Izimitseni pa swichi yake, muziyatsa ola limodzi ndi theka kapena awiri anthu asanayambe kusamba mmawa kenako thimitsani, madzi amakhalabe ofunda kwa nthawi yaitali ngati thanki ili bwino. Muitane amagetsi odziwa ntchito aone thermostat, kachipangizo koletsa madzi kutentha kupyola mlingo, zambiri zimakhala zitaikidwa pamwamba kwambiri madzi nkumatuluka owotcha mpaka kumasakaniza ndi ozizira ambiri, pamene 55 kapena 60 ndi yokwana. Musatsitse kuposa pamenepo chifukwa madzi ongofunda okhalitsa muthanki amasunga tizilombo. Aonenso ngati sikudontha, kapaipi kaja kotulukira kunja kwa denga kakamangodontha madzi otentha tsiku lonse ndiye kuti mukulipira kawiri, ku ESCOM ndi ku Water Board. Ndipo ana asukulu asambire mu ndowa. Ndikudziwa ena amaona ngati kubwerera mmbuyo munthu uli ndi shawa mnyumba, koma malita 5 owiritsa amatenga theka la yunitsi basi ndipo mukasakaniza ndi ozizira munthu amasamba bwinobwino. Mu October ndi November kutentha kuja giza ikhoza kungokhala yozima, musiyire apongozi okha madzi ofunda poti ndi achikulire.

Kukhitchini nako. Ife timakonda nyemba ndipo nyemba zouma zosanyika zimatha maola awiri atatu pa puleti, mayunitsi atatu kapena anayi pa ndiwo za tsiku limodzi. Zinyikeni mmadzi usiku, mmawa zimapsa msanga kwambiri. Phikani zambiri kamodzi, mugawe mmakontena muike mu freezer yanu ija poti ikuyaka kale. Ngati mungakwanitse pressure cooker gulani, nyemba zonyika zimapsa pasanathe ola, nyama yolimba ndi makongono a ng'ombe chimodzimodzi. Ngati simungakwanitse pali njira ina yosalira ndalama, mukabwatitsa nyemba kwa mphindi 20 kapena 30 phulani poto wovundikira bwino, mumukulunge mu bulangete lakale nkumuika mu dengu kapena mu katoni, mumusiye maola angapo, zimapitiriza kupsa zokha ndi kutentha komwe kuli mkatimo. Mpunga umatero bwino kwambiri.

Zina ndi zazing'ono koma zimaunjikana. Poto azivundikiridwa. Poto wamng'ono asakhale pa puleti yaikulu, ndipo mapoto opindika kunsi aja ochokera pa mbaula sagwira bwino puleti, kutentha kumangothawira mmbali. Puleti imakhalabe yotentha mukazimitsa ndiye nsima mukamaliza kuvundula zimitsani, iziphikika ndi moto wotsalawo. Madzi a nsima awiritseni kaye mu ketulo chifukwa ketulo siitaya moto ngati puleti. Koma ketuloyo isamadzadzidwe chifukwa cha kapu imodzi ya tiyi, pakhomo pa anthu ambiri aliyense amadzuka nthawi yake nkuwiritsa yake, bola kugula fulasiki yaikulu, kuwiritsa kamodzi mmawa aliyense azithira mmenemo. Uvuni ndiye muziugwiritsa ntchito mukakhala ndi zambiri zophika nthawi imodzi, osati kuyatsa chifukwa cha masikono 6.

Mwina mukuti nanga bwanji ndingobwerera ku makala. Apa ine mtima wanga sumandilola kukuuzani choncho. Tonse tikuona mmene phiri la Ndirande ndi la Soche alili, ndipo zimene zinachitika ku Chilobwe nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 sitinaiwale. Komanso magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira kumene EGENCO imapanga nkugulitsa kwa ESCOM, ndiye mitengo ikamatha kumtunda dothi ndi zinyalala zimakokolokera mumtsinje momwemo nkumakatseka makina, ife kuno nkumadandaula kuti magetsi azimanso. Thumba la makala nalonso masiku ano si lotchipa. Ngati muli ndi kangachepe yambani ndi silinda yaing'ono ya gasi, muziphikira zofulumira monga tiyi, mazira, masamba, phala la ana mmawa, imathandizanso magetsi akazima. Musangokhulupirira za anzanu kuti gasi ndi wotchipa, lembani tsiku limene mwadzadzitsa ndi tsiku limene watha, muyerekeze ndi mayunitsi amene mwapulumutsa mwezi umenewo.

Filiji ndi freezer sizidya kwambiri pa ola koma zimayaka usana ndi usiku, filiji yabwinobwino imatha yunitsi imodzi kapena awiri patsiku, yakale yotha labala wapachitseko imaposa pamenepo. Yesani chonchi, tsekerani pepala pachitseko nkulikoka, likatuluka mosavuta ndiye kuti labalayo watha ndipo kuzizira kukuthawa, musinthitse. Isagundane ndi khoma, isakhale pafupi ndi cooker kapena padzuwa, musaikemo ndiwo zotentha, ndipo ayezi akachindikala mu freezer muzimitse asungunuke. Za mafirizi ndikufunseni, munayamba mwachotserapo ndalama ya magetsi pa phindu lanu? Ambiri amawerengera shuga ndi timapepala basi. Nthawi yotentha bizinesi imeneyi imayenda, koma mu June ndi July chiperoni chikamawomba mafirizi sayenda, ndiye ngati mu freezer muli timafirizi 20 tokha samutsirani mu filiji, freezer ipume.

Nthawi yozizira yomweyo ndi imene hita imatulukira. Hita ya mawati 2000 ikayaka maola 5 usiku yadya mayunitsi 10, kufanana ndi giza. Ngati ndi ya apongozi yatsani pang'ono asanagone chitseko chili chotseka kenako zimitsani, muwagulire bulangete lina lochindikala ndi botolo la madzi otentha loika kumapazi.

Kusita kukhale kamodzi kapena kawiri pa sabata, mayunifomu onse ndi malaya abambo nthawi imodzi, osati aliyense kuyatsa ayironi mmawa chifukwa cha shati imodzi. Ena amati kusita usiku kumatchipa, koma pa mita ya prepaid yapakhomo mtengo wa yunitsi ndi umodzimodzi usana ndi usiku.

Mababu ndi pokhapo pamene kukalipa kwanu kuli ndi mfundo, koma yankho lake ndi kusintha mababuwo. Makamaka akunja achitetezo amene amayaka usiku wonse, babu la mawati 100 loyaka maola 12 limatha mayunitsi 36 pamwezi, la LED la mawati 9 limatha atatu ndi pang'ono. Ngati muli ndi anayi kuzungulira nyumba werengerani nokha. Yambani ndi akunjawo, kenako pabalaza ndi kukhitchini, akuchipinda mudzasintha akamapsa. TV ndi dikoda zizimitsidwe pa soketi pogona, zimathandizako pang'ono komanso zimatetezeka magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pa blackout. Ndipo magetsi akazima muzionetsetsa kuti cooker ndi ayironi mwazimitsa, zimachitika kuti abwera 2 koloko usiku puleti nkuyaka yokha mpaka kucha, apo nkhani sikhalanso ya mayunitsi, nyumba ikhoza kupsa.

Tsopano funso lanu lenileni, kodi mita ikukuberani? Nthawi zambiri ayi, koma mukhoza kuyesa nokha. Pa mita pamakhala kanyali kofiira kamene kamaphethira, magetsi akamadyedwa kwambiri kamaphethira mofulumira. Masana ena zimitsani chilichonse mnyumba, zulani filiji ndi freezer, giza izime, mababu onse azime, ndiye muime pa mita mphindi zingapo. Kanyaliko kakapitiriza kuphethira ndiye kuti pali pena pamene magetsi akupita inu osadziwa, kaya ndi mawaya owonongeka, kaya pali waya wopita ku boyizi kota kapena nyumba ina ya pa plot yomweyo, zimachitika kwambiri mnyumba za lendi. Kakasiya, yatsani chinthu chimodzichimodzi mukuyang'ana, mukafika pa giza muitane ana adzaone okha, zimawagwira mtima kuposa kuwakalipira. Mukaona kuti zonse zazima, mawaya ali bwino koma mayunitsi akutsikabe, pitani ku ofesi ya ESCOM mukanene kuti adzaione mitayo. Dziwaninso kuti mukagula koyamba pamwezi mumapeza mayunitsi ochulukirapo chifukwa oyambirirawo amakhala pa mtengo wotsika, kugula kwachiwiri ndalama yomweyo imabweretsa ochepa, ndiye zimenezo zisakudabwitseni. Mitengoyo amavomereza ndi a MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta.

Chimodzi ndikupempheni, pakabwera mnyamata wina nkumati akhoza kukukonzerani mita kuti izidya pang'ono kapena kulumikiza molambalala, mukaneni. Ndi mlandu, akakupezani amadula magetsi nkukulipiritsani ndalama zambiri kuposa zimene mumafuna kupulumutsa, ndipo mawaya olumikiza mobisa amayatsa moto, inu muli ndi ana anayi ndi munthu wachikulire mnyumbamo.

Sabata ino chitani chonchi, lembani mayunitsi otsala pa mita mmawa uliwonse nthawi yofanana. Masiku atatu oyamba musasinthe kalikonse kuti tidziwe kuti pakhomo panu mumadya angati patsiku, masiku anayi otsatirawo ingosinthani za giza zokha, kuyatsa mmawa nkuzimitsa. Munditumizirenso manambalawo limodzi ndi mawati a cooker ndi freezer yanu, tidzawerengera limodzi ngati gasi angakupindulireni kapena ayi.