Viza ikutha, abwana akuti dikirani, abambo akunyumba akuti tilembetse ya banja

Achemwali ena amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku England anditumizira imelo, ndipo andilola kuwayankha pano osatchula dzina lawo kapena la kampani yawo. Anabwera mu 2023 pa viza ya Health and Care Worker ya zaka zitatu, ndipo kwatsala miyezi inayi kuti ithe. Abwana awo akhala akuwalonjeza Certificate of Sponsorship yatsopano, ija timangoti CoS, chikalata cha abwana chimene munthu amapemphera nacho viza ya ntchito, koma akafunsa amangouzidwa kuti kampani ikudikira Home Office, unduna wa boma la UK woona za ma viza. Ali ndi mwamuna wobadwira ku Malawi amene anatenga unzika wa Britain. Akhala limodzi zaka zopitirira ziwiri, ndipo chaka chatha anachita chinkhoswe mu holo ina konkuno. Mwamunayo akuti angolembetsa viza ya banja. Funso lawo ndi lakuti adikirebe abwana kapena asinthe, ndipo pomaliza awonjezera kuti sakufuna anthu azinena kuti anakwatiwa chifukwa cha mapepala.

Achemwali, pa nkhani za viza pali kudikira kuwiri, ndipo inu muli pa kudikira koopsa.

Munthu amene watumiza fomu yake ku Home Office viza yakale isanathe amatetezedwa ndi gawo 3C la Immigration Act ya 1971. Ngakhale tsiku lothera viza litadutsa yankho lisanabwere, lamulo limamuwerengera kuti akadali ndi chilolezo chomwe chija. Amapitabe kuntchito, amakhalabe m'nyumba yake ya lendi, ndipo abwana ake angathe kutsimikizira zimenezi kudzera ku Employer Checking Service, njira ya Home Office yofunsira ngati munthu akuloledwa kugwira ntchito. Yankho la fomu yotumizidwa muli m'dziko muno limatenga pafupifupi milungu 8 pa viza ya banja, kapena milungu itatu pa ya Health and Care, nthawi zina kupitirira. Kumeneko n'kudikira kotopetsa, munthu amatsegula imelo kakhumi pa tsiku, koma amakhala pabwino. Chachikulu choti asamale ndi ulendo: akatuluka kunja kwa UK, Ireland, Channel Islands ndi Isle of Man yankho lisanabwere, fomu yake imatengedwa ngati waichotsa yekha. Kwa ife zimenezi zimawawa kwambiri pakagwa maliro kumudzi, ndipo ndi bwino abale adziwiretu.

Inuyo simunatumize kalikonse, chifukwa popanda nambala ya CoS fomu ya viza ya ntchito siitheka. Lonjezo la abwana siliwerengedwa paliponse. Tsiku lothera viza likafika muli chidikirire, m'mawa mwake mudzakhala munthu wopanda chilolezo chokhala kuno ndiponso chogwira ntchito, ndipo abwana omwewo lamulo lidzawaumiriza kukuimitsani. Pali kampata ka masiku 14 kwa amene wachedwa pa chifukwa chachikulu chimene sakanatha kuchipewa, koma gawo 3C silimuteteza, ndipo sikampata koti munthu n'kukonzerapo moyo. Anzanu akamakuuzani kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndikudziwa akufuna kukulimbitsani mtima, koma ameneyo ndi malangizo a munthu amene fomu yake inalowa kale.

Ndiye tiyeni tione chimene abwana anu angakhale akudikira. Kampani iliyonse yokhala ndi laisensi yolemba ntchito anthu ochokera kunja imapatsidwa chiwerengero cha ma CoS amene ingapereke kwa antchito amene ali kale m'dziko muno. Akatha, iyenera kupempha ena, ndipo Home Office imanena yokha kuti pempho lotere lingatenge mpaka milungu 18. Werengerani bwino: miyezi inayi ndi milungu 17 ndi masiku ochepa. Ngati pempholo analitumiza mwezi wapitawu, mwina mupulumuka. Ngati sanatumize n'komwe, nthawi yakuthawani kale, pokhapokha atalipira kuti liwonedwe mwachangu, njira imene imayankha m'masiku asanu ogwira ntchito koma malo ake ndi ochepa tsiku lililonse. Makampani a care, osamalira okalamba ndi odwala, amafunsidwanso umboni wakuti ntchitoyo ilipodi, monga makontirakiti awo ndi makhonsolo, ndipo ku England kawirikawiri ayenera kukhala olembetsedwa ndi Care Quality Commission, bungwe loyang'anira ntchito zotere. Malipiro anu ayeneranso kufika pa mlingo umene unakhazikitsidwa mu Epulo 2025, wa £25,000 pachaka kapena £12.82 pa ola. Kampani imene yakhala ikukuchepetserani maola imadziwa kuti ikapempha CoS ikudziitanira mafunso, ndipo nthawi zina kuzengereza kumachokera pamenepo.

Alembereni imelo, osati kungolankhula pakhonde. Afunseni mwaulemu tsiku limene anatumiza pempho, ngati anagwiritsa ntchito njira yachangu, ndi tsiku limene akuyembekeza kukupatsani nambala. Bwana woona mtima sangavutike kuyankha mafunso atatu amenewa. Kenako lowani pa gov.uk mufufuze dzina la kampaniyo pa kaundula wa makampani a laisensi. Kampani imene laisensi yake yaimitsidwa imachotsedwa pa kaundulayo pamene akuifufuza, ndipo siingapereke CoS ngakhale imodzi. Si nkhani yachilendo: boma linanena kuti pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024 linalanda malaisensi opitirira 470 m'gawo la care lokha. Laisensi ikalandidwa, viza za antchito zimafupikitsidwa, kawirikawiri kufika masiku 60. Ndipo wina akakuuzani kuti mupereke ndalama kuti CoS ituluke msanga, kanani. Kuyambira pa 31 Disembala 2024 kampani siiloledwa kulipiritsa wantchito mtengo wa CoS, ndipo abale athu ambiri ataya mapaundi masauzande kwa anthu ogulitsa pepala lopanda ntchito yeniyeni kumbuyo kwake.

Musaiwalenso kuti bwana si mmodzi. Ngakhale kuti pa 22 Julayi 2025 boma linatseka khomo lobweretsa antchito a care atsopano kuchokera kunja, amene muli kale pa viza imeneyi mukuloledwa kuwonjezera nthawi kapena kusamukira kwa bwana wina wa laisensi. Yambani kufunsira ntchito sabata ino. Kungoti simungayambe ntchito yatsopanoyo viza yake isanatuluke.

Tsopano viza ya banja. Malinga ndi zimene mwalemba, khomo limeneli ndi lotseguka kwa inu. Amuna anu ndi nzika ya Britain, inu muli ndi viza yopitirira miyezi 6 ndipo simunabwere ngati mlendo wodzacheza, choncho mungathe kusintha muli konkuno osabwerera ku Lilongwe. Koma za chinkhoswe chija ndinene mosabisa. Kwa ife, ankhoswe akagwirizana pamaso pa abale, banja lamangidwa, ndipo ku Malawi lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wachikhalidwe. Chinkhoswe chochitikira mu holo ya ku England si ukwati pamaso pa lamulo la kuno. Muli ndi njira ziwiri. Mungalembetse ngati anthu osakwatirana mwalamulo amene akhala ngati banja kwa zaka zosachepera ziwiri, ndipo kuyambira pa 31 Januwale 2024 sizikufunikanso kuti zaka zonse ziwirizo mukhale munali m'nyumba imodzi, ngakhale kuti umboni wa nyumba imodzi ndi umene umalemera kwambiri. Kapena mumange ukwati ku register office, ofesi ya boma yolembetsera maukwati. Pamenepo muwerengere nthawi, chifukwa chidziwitso cha ukwati chimakhala masiku 28, ndipo poti inu muli pa viza nkhani yanu imatumizidwa ku Home Office, amene angathe kutalikitsa nthawiyo kufika masiku 70 akafuna kufufuza. Pa miyezi inayi yanu, masiku 70 si ochepa.

Chinkhoswecho sichinapite pachabe. Zithunzi zake, makadi oitanira anthu ndi makalata a ankhoswe ndi umboni wakuti chikondi chanu chimadziwika kwa abale a mbali zonse. Komabe wowerenga fomu amakhulupirira kwambiri mapepala ouma: mgwirizano wa lendi wokhala ndi mayina awiri, bilu ya council tax, makalata a kubanki, a kwa dokotala ndi a magetsi opita pa adiresi imodzi, omwazikana m'zaka ziwirizo.

Pa ndalama, mlingo ndi £29,000 pachaka kuyambira pa 11 Epulo 2024. Usanafike pamenepo unali £18,600 kuchokera mu 2012. Apa pali mfundo imene ambiri saidziwa, ndipo kwa inu ndi yofunika kuposa zonse. Munthu akamalembetsa ali kunja, amawerengera malipiro a mnzake wa kuno yekha. Koma inu, poti muli m'dziko muno ndi chilolezo chogwira ntchito, malipiro anu ndi a amuna anu amaphatikizidwa. Anthu awiri ogwira ntchito tsiku lonse savutika kudutsa £29,000. Mudzafunika mapeyisilipi a miyezi 6, masitetimenti a kubanki osonyeza malipiro omwewo akulowa, ndi kalata ya olemba ntchito, ndipo pepala laposachedwa lisapitirire masiku 28 pofika tsiku lotumiza fomu. Mwayi umenewu uli ndi inu lero pamene mukugwira ntchito. Kampani itatsekedwa mawa, kapena viza itatha muli chidikirire, malipiro anu angagwe m'masamuwo, n'kutsala a amuna anu okha, kapena ndalama zosunga zokwana £88,500 zimene zakhala kubanki miyezi 6. N'chifukwa chake ndikuti kudikira kwanu sikukuika pachiswe viza ya ntchito yokha, kukudyanso njira yachiwiriyi.

Mtengo wake ndi wowawa, ndipo pano viza yanu ya Health and Care imapambana. Pa iyo simulipira msonkho wa zaumoyo wa Immigration Health Surcharge. Pa viza ya banja mumalipira £1,035 pachaka, ndiye kuti £2,587.50 pa zaka ziwiri ndi theka zimene amapereka koyamba, kuwonjezera pa mtengo wa fomu umene mu Epulo 2025 unafika £1,321. Pa mitengo ya 2025 zonse pamodzi zinali pafupifupi £3,900, zolipira nthawi imodzi, ndipo mudzalipiranso zikatha zaka ziwiri ndi thekazo. Mitengo imakwera pafupipafupi, choncho muione pa gov.uk tsiku lotumiza. Chingerezi sichingakuvuteni: koyamba amafuna mlingo wotsika wa A1, pamene inu munapambana kale mlingo wokwererapo wa B1 pobwera. Chimene mumagula ndi ndalama zimenezi ndi ufulu wogwira ntchito iliyonse, kwa bwana aliyense, maola alionse, ngakhale kuyamba bizinesi kapena kubwerera kusukulu. Amene anakhalapo pa viza yomangidwa kwa bwana mmodzi, akuopa kudandaula za rota (ndandanda ya maola a ntchito) yoipa chifukwa bwanayo ndiye mwini mapepala, amadziwa kukula kwa ufulu umenewu.

Chimene chiyenera kukusowetsani tulo pang'ono ndi kawerengedwe ka zaka. Pa lamulo la zaka zisanu zopezera chilolezo chokhala mpaka kalekale, chija timati ILR, inu mwayenda kale pafupifupi zitatu. Mukasamukira ku viza ya banja, zaka zimenezo siziphatikizidwa, mumayambiranso kuwerenga zisanu. Zaka zingapo zapitazo ndikanakuuzani kuti pirirani, zatsala ziwiri zokha. Koma mu Meyi 2025 boma linalengeza maganizo okweza nthawiyi kufika zaka 10, ndipo mu Novembala 2025 nduna ya Home Office, Shabana Mahmood, inatulutsa maganizo akuti antchito a ntchito zosafuna digiri, kuphatikizapo a care, azidikira zaka 15, ndi kuti zimenezi zikhudzenso amene ali kale m'dziko muno koma sanapeze ILR. M'maganizo omwewo, okwatirana ndi nzika za Britain anasiyidwa pa zaka zisanu. Choncho musanaganize kuti mukutaya zaka zitatu, onani lamulo limene likugwira ntchito pa antchito a care tsiku limene mukusankha. Zikhoza kupezeka kuti njira yooneka yoyambiranso ndiyo yaifupi.

Pa mawu anu omaliza aja. Munakhala ndi munthuyu zaka ziwiri viza yanu ili bwinobwino, makolo anu akumudziwa, ankhoswe anakhala pansi. Palibe chochititsa manyazi kuti banja lenileni ligwiritse ntchito lamulo limene linaikidwira mabanja, ndipo anthu amene anganene sadzakulipirirani lendi mukadzaimitsidwa ntchito. Funso limene ndikufuna mudzifunse ndi lina, ndipo mudzifunse muli nokha. Viza ya ntchito imakumangirirani kwa abwana, viza ya banja imakumangirirani kwa amuna anu kwa zaka zisanu. Banja likatha, mumayenera kudziwitsa Home Office, ndipo viza imafupikitsidwa. Pali chitetezo kwa amene banja latha chifukwa cha nkhanza: angalandire chilolezo cha miyezi itatu chowalola kupeza thandizo la boma, kenako n'kupempha ILR osadikira zaka zisanu. Koma banja longotha chifukwa chosamvana lilibe chitetezo chotere. Kodi munthuyu mukayambana amakukumbutsani zimene anakuchitirani? Anayamba wanenapo, ngakhale mocheza, kuti popanda iye simukanakhala kanthu? Ngati yankho ndi ayi, ngati ndi munthu amene mukanamanga naye ukwati ngakhale viza ikanakhala ya zaka khumi, pitirizani ndi mtima woyera. Ngati mwazengereza poyankha, limbikirani kufunafuna bwana wina, ndipo banjalo lipatseni nthawi yake.

Maganizo anga ndi akuti muyendetse zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo tsiku lomaliza mudziikire nokha, lisakhale la abwana. Lembani pa kalendala tsiku limene kudzakhale kutatsala milungu 6 kuti viza ithe. Kuyambira lero mpaka pamenepo sonkhanitsani mapepala a viza ya banja ngati kuti ndiyo mukutumiza, pemphani kalata ya kuntchito pamene ubale ndi abwana udakali wabwino, ikani ndalama pambali, ndipo ngati mwasankha register office kaperekeni chidziwitso sabata ino. CoS ikatuluka tsikulo lisanafike, mudzasankha modekha mutayerekeza zaka ndi ndalama. Ikapanda kutuluka, tumizani fomu ya banja. Ndipo zikachitika kuti mwatumiza ya ntchito, viza yakale yatha, kenako kampani yagwa m'mavuto yankho lisanabwere, musachotse fomuyo, chifukwa kuichotsa kumathetsa chitetezo cha 3C nthawi yomweyo. Lamulo limalola kusintha fomu imene ili m'njira potumiza ina ya banja m'malo mwake, chitetezocho n'kupitirira.

Musanatumize, lipirani ola limodzi kwa mlangizi wovomerezeka kuti aone mapepala anu. Akhale loya wolembetsedwa ndi Solicitors Regulation Authority, kapena mlangizi wa pa kaundula wa Immigration Advice Authority, imene mpaka Januwale 2025 inkatchedwa OISC. Mayina awo mungawafufuze nokha pa intaneti kwaulere. Popita kumeneko mutenge CoS yanu yakale, mapeyisilipi onse ndi marota a miyezi 6 yapitayi, chifukwa ngati maola amene mwakhala mukupatsidwa ndi ochepa kuposa olembedwa pa CoS, ndi bwino mlangiziyo akhale woyamba kuziona Home Office isanazione.