Yankho kwa mayi amene afunsa za kayendedwe mumzinda wa Tokyo

Mayi, mwafunsa ngati kuli koyenera kugula Japan Rail Pass, tikiti yomwe alendo amakwerera sitima za makampani a JR m'dziko lonse la Japan, musananyamuke, popeza mukupita ku Tokyo kukachita maphunziro a milungu itatu ndipo mukuopa kusochera. Ngati simudzatuluka mumzindawo, musaigule. Mu Okutobala 2023 mtengo wa tikiti imeneyi ya masiku 7 unakwera kufika pa mayeni 50,000, komanso siigwira ntchito pa sitima zapansi panthaka, zomwe mudzakhala mukukwera kawirikawiri.

Chimene mukufunika ndi khadi la Suica kapena la Pasmo. Mukangotera pabwalo la ndege la Narita kapena la Haneda, funsani Welcome Suica, khadi la alendo lomwe limagwira ntchito masiku 28. Mumaikamo ndalama pamakina a pasiteshoni, kenako mumangoligunditsa pachipata polowa ndi potuluka, ndipo mtengo wa ulendo umadulidwa wokha malinga ndi mtunda. Ubwino wake ndi waukulu chifukwa sitima za ku Tokyo si za kampani imodzi: Tokyo Metro ili ndi njanji 9, Toei ili ndi 4, palinso JR East, Keio, Odakyu ndi ena, koma khadi limodzi lomweli limakutsegulirani zipata zonsezo, ngakhalenso m'mabasi.

Yambani mwadziwa njanji ya Yamanote, yomwe chizindikiro chake n'chobiriwira. Imazungulira pakati pa mzinda, ili ndi masiteshoni 30, kuphatikizapo Shinjuku, Shibuya, Shinagawa ndi Ueno, ndipo ngati mwapitirira potsikira mumangotsika n'kukwera yobwerera. Siteshoni iliyonse yapansi panthaka ili ndi chilembo ndi nambala, moti ya Ginza panjanji ya Ginza ndi G09, ndipo kuwerenga manambalawo n'kosavuta kusiyana ndi kuloweza mayina.

Kumene alendo amavutika kwenikweni ndi potulukira. Siteshoni ya Shinjuku ili ndi makomo oposa 200, choncho kutulukira khomo lolakwika kungakutayitseni nthawi yambiri mukuzungulira ndi chikwama. Musanakwere masitepe, onani pa Google Maps dzina kapena nambala ya khomo lanu, kenako tsatirani zikwangwani zachikasu. Samalaninso mtundu wa sitima, pakuti papulatifomu imodzi pamatha kuima yolembedwa Local, yomwe imaima paliponse, ndi ya Rapid kapena Express, yomwe imadumpha masiteshoni ena.

M'mawa, cha m'ma 8 koloko, anthu amathithikana kwambiri, ndipo inu monga mayi mungakonde kukwera bogi la amayi okhaokha lomwe njanji zambiri zimakhala nalo nthawi imeneyo. M'sitima anthu salankhula pafoni. Sitima zomaliza zimanyamuka cha pakati pa usiku, ndipo mukaziphonya takisi idzakudyerani ndalama zambiri. Masiku omaliza musaikemo ndalama zochuluka m'khadi la Welcome Suica, chifukwa zotsala sabweza; zigwiritseni ntchito pogula chakudya m'masitolo monga 7-Eleven kapena Lawson.