Khirisimasi Yoyamba ku Britain: Mawu kwa Amene Mtima Ukuwawa

Abale ndi alongo amene mwafika kuno ku Britain posachedwapa, makamaka inu amene mukugwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, mwezi wa Disembala udzakuyesani kuposa miyezi ina yonse, ndipo ndi bwino kuti mudziwiretu zimenezi mweziwo usanafike. Cha pa 21 Disembala dzuwa limalowa nthawi isanakwane 4 koloko madzulo ku London, ndipo ku Glasgow ndi ku Edinburgh limalowa msanga kuposa pamenepo, kotero kuti munthu wa shifiti ya maola 12 amachoka pakhomo kuli mdima n'kubwereranso kuli mdima. Pa 25 Disembala sitima siziyenda, mabasi a mu London sayenda, masitolo akuluakulu a ku England ndi ku Wales amatsekedwa mwalamulo, ndipo eni dziko amadzitsekera m'nyumba ndi abale awo, msewu wonse n'kungoti zii. Kuwonjezera apo, kuyambira pa 11 Malichi 2024 boma linaletsa obwera kudzagwira ntchito yosamalira anthu kubwera ndi amuna, akazi kapena ana awo, choncho ambiri a inu tsikulo lidzakupezani muli nokha m'kachipinda ka lendi.

Foni sithandiza kwenikweni pa tsiku limeneli. Kumudzi nthawi imakhala patsogolo ndi maola awiri, ndipo pamene inu mukudzuka, iwo amakhala akuchokera kale kutchalitchi. Mudzaona pa WhatsApp ana anu atavala zovala zimene munatumizira ndalama, mpunga wa nkhuku uli pamoto, chimanga chili biriwiri kuseri kwa nyumba, ndipo foni ikangodulidwa chipindacho chidzazizira kuposa poyamba. Ena mwa inu munataya mayi kapena m'bale chaka chino, n'kuonera mwambo wa maliro pafoni chifukwa tikiti inali yodula kapena tchuthi sichinapezeke. Mukayesa kudandaula, akumudzi adzakuyankhani kuti walira mvula walira matope, poti kwa iwo munthu amene ali ku Ulaya alibe chifukwa cholirira.

Langizo langa ndi lakuti mupite kukapembedza ngakhale mtima wanu usakufuna, ndipo musadikire kuti muyambe mwasangalala. Anthu ambiri amakhala kunyumba pa nyengoyi poganiza kuti nkhope yakugwa siyenera kuoneka pakati pa nyimbo za chimwemwe, koma ife Amalawi tiyenera kukhala omalizira kuganiza motero, chifukwa nyimbo zambiri za Mulungu zimene timaziimba osayang'ana m'buku tinaziphunzirira pasiwa. Kumbukirani mmene zimakhalira: amayi a Mvano kapena a chigwirizano atakhala pamphasa m'nyumba mozungulira bokosi, abambo ali panja kuwotha moto, mmodzi akuyambitsa nyimbo, ena akupolokozera, mpaka tambala kulira. Anamfedwa nthawi zambiri saimba n'komwe, ndipo palibe amene amawadzudzula, chifukwa aliyense amadziwa kuti usiku umenewo ena akuimba m'malo mwawo. Mpingo wa kuno, ngakhale ndi wachilendo, ungathe kukuchitirani chimodzimodzi. Mungathe kukhala pabenchi yakumbuyo, pakamwa pali potseka, misozi ikutsika, ndipo mudzakhala mwapembedza ndithu.

Baibulo lenilenilo silibisa kuti Khirisimasi yoyamba inali ndi misozi. Chaputala chachiwiri cha Mateyu chimasimba za Yosefe akudzuka usiku kuthawitsa mwana ndi mayi wake kupita ku Igupto, pamene ku Betelehemu amayi anali kulira ana amene Herode anawapha, ndipo banja limene timaliimbira pa tsikuli linakhala m'dziko la eni mpaka Herode atamwalira. Salimo 137 ndi la anthu amene anatengedwa ukapolo ku Babulo, amene anapachika azeze awo pamitengo n'kumafunsa kuti angaimbe bwanji nyimbo ya Yehova m'dziko lachilendo. Paulo ndi Sila anaimba pakati pa usiku m'ndende ya ku Filipi atakwapulidwa, mapazi ali m'matangadza. Ndiponso pali Salimo 88, limene alaliki ambiri amalilambalala chifukwa limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima popanda mawu otonthoza. Ine ndimaona kuti linaikidwamo dala, kuti munthu amene zamuthina asaganize kuti pemphero lake likuyenera kutha ndi aleluya kuti limveke kumwamba.

Chinthu chimene chimadabwitsa obwera kumene ambiri n'chakuti nyimbo za kuno si zachilendo monga mmene amaganizira. Amishoni a ku Scotland amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 anabwera ndi mabuku awo a nyimbo, ndipo zambiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu zinamasuliridwa kuchokera ku nyimbo zimene zikuimbidwabe m'matchalitchi a kuno. Mukalowa mu Church of Scotland, mu Methodist kapena mu Anglican, limba likangoyamba mudzazindikira chuni mawu asanatuluke. Imbani m'Chichewa chamumtima kapena motsitsa mawu pamene anzanu akuimba m'Chingerezi, palibe amene adzakuyang'anani. N'zoona kuti kaimbidwe kawo n'kozizira, alibe ng'oma kapena nthungululu, ndipo m'matchalitchi ambiri mudzapeza okalamba owerengeka m'nyumba yaikulu, koma musafulumire kuweruza kuti mulibe Mzimu, chifukwa ambiri mwa agogo amenewo ndi amasiye amene akudya Khirisimasi okha ngati inu nomwe.

Mapemphero a nyengoyi ndi amitundumitundu, ndipo ndi bwino kusankha mogwirizana ndi mphamvu za mtima wanu. M'masabata oyandikira Khirisimasi pafupifupi tchalitchi chilichonse chimachita mwambo wa nyimbo ndi kuwerenga malemba madzulo, kawirikawiri poyatsa makandulo, ndipo kulowa kwake n'kwaulere. Mipingo ina imakonza mwambo wapadera wa anthu oferedwa ndi osweka mtima, umene amautcha Blue Christmas kapena Longest Night, cha pa usiku wautali kwambiri wa chaka. Mwambowu umakhala wachete, anthu amayatsa kandulo pokumbukira amene anawasiya, ndipo palibe amene amakakamiza mnzake kumwetulira. Usiku wa pa 24 Disembala Akatolika ndi a Anglican amakhala ndi Misa, pamene ku Scotland kuli mapemphero odikirira pakati pa usiku. Ngati muli pantchito, wailesi ya BBC Radio 4 imaulutsa nyimbo ndi malemba kuchokera ku King's College ku Cambridge pa 24 Disembala nthawi ya 3 koloko masana, mwambo umene unayamba mu 1918 ndipo wakhala ukumveka pawailesi kuyambira mu 1928.

Inu a m'nyumba zosamalira okalamba muli ndi mwayi umene mwina simukuudziwa. Gogo amene matenda oiwalaiwala anamulanda mayina a ana ake angathe kuimba ndime zonse za nyimbo imene anaiphunzira ali mwana. Mukamamupesa tsitsi kapena kumumanga mabatani a juzi, n'kuyamba kung'ung'udza chuni cha Khirisimasi, mudzaona milomo ikuyamba kugwedera, kenaka mawu n'kutuluka, dzanja likuomba pang'onopang'ono pabondo. Koma samalani malamulo a pantchito: kuimba ndi munthu amene akufuna n'kololedwa m'malo ambiri, pamene kulalikira kapena kusanjika manja pa wodwala kungakuchotsetseni ntchito, ndipo viza yanu yagona pa ntchitoyo. Funsani kaye akuluakulu a pamalopo.

Magulu a mapemphero a Amalawi alipo m'mizinda ikuluikulu monga London ndi Manchester, ndipo kuimba m'chinenero chanu pakati pa anthu akwanu, kenaka n'kudyera limodzi nsima, kumachiritsa kwambiri. Komabe ndikuchenjezeni za alaliki ena amene amachuluka pa mapemphero ochezera a pa 31 Disembala, amene amauza munthu wachisoni kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, kenaka n'kumuuza kuti abzale mbewu ya ndalama kuti chaka chatsopano chimuyendere. Munthu amene akuyembekezera fizi ya ana mu Januwale ndi ndalama ya feteleza wobereketsa kumudzi sayenera kulipira kuti atonthozedwe. Mpingo wabwino mudzaudziwa chifukwa udzakufunsani ngati mwadya usanakufunseni za chakhumi.

Mapemphero akatha musathamangire kukhomo. Khalani pa tiyi, ndipo muuze abusa kapena mkulu wampingo mosabisa kuti pa 25 mudzakhala nokha, chifukwa anthu a kuno amaopa kulowerera za eni ndipo sadzakuitanani ngati simunanene, koma mukanena ambiri amatsegula khomo, ndipo mipingo ina pamodzi ndi Salvation Army imaphika chakudya cha masana cha anthu amene alibe kopita. Ngati chisoni chapitirira masabata angapo, tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, kapena mwayamba kuganiza zodzivulaza, pitani kwa GP, amene ndi dokotala wa m'dera lanu, kapena imbani 111, nambala ya NHS (a zachipatala a boma), ndipo usiku uliwonse a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu amene ali pamavuto, amayankha foni kwaulere pa 116 123. Kuchita zimenezi si kukana Mulungu, monganso munthu wa malungo sakana Mulungu pomwa mankhwala. A NHS amalangizanso kumwa vitamini D wokwana mamaikilogalamu 10 tsiku lililonse m'miyezi yopanda dzuwayi, makamaka ife akhungu lakuda.

Ndandanda ya mashifiti a Khirisimasi imatuluka msanga, kawirikawiri mu Novembala, choncho ikangotuluka yang'anani masiku amene muli omasuka, mupeze tchalitchi chimene mungafikeko wapansi popeza mabasi kudzakhala kulibe, mukawerenge nthawi za mapemphero pachikwangwani cha pakhomo pake, ndipo mukalowemo Lamulungu limodzi Disembala asanafike kuti pa tsikulo padzakhale munthu wokudziwani dzina.