Kupita pachilumba kukaona nyama: kodi ndi kutaya ndalama?

Mayi wina wa ku Bembeke wanditumizira imelo. Akuti iwo ndi amuna awo asunga kangachepe atagulitsa mbatata, ndiye akufunsa kuti: "Tipite ku Zanzibar kukaona nyama monga timaonera pa Facebook, kapena tingokhala?"

Mayi, za mikango ndi njovu muiwaliretu. Nyama za pachilumba ndi zazing'ono ndipo zimafuna munthu wodekha. Ku Zanzibar anthu amapita kunkhalango ya Jozani kukaona anyani ofiira omwe kwawo n'komweko basi. Ngokongoladi, koma mufunika pasipoti, tikiti ya ndege ndi madola, ndipo mukudziwa nokha mmene madola akuvutira.

Ndikanakhala inu ndikanayambira pakhomo. Tsikani Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, mulunjike ku Monkey Bay, mukathere ku Cape Maclear. Zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo, zomwe zili kufupi ndi Cape Maclear, zili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha tinsomba ta mbuna.

Ku Thumbi ndinapitako, ndipo sindidzaiwala. Mnyamata wa boti anaimba likhweru, n'kuponya kansomba pamadzi. Nkhwazi inachoka pamtengo, inatsika mapiko ali tambasu, n'kukatola ndi zikhadabo osanyowa ngakhale nthenga. Titafika pamiyala ndinavala galasi losambirira n'kuviika nkhope. Mbuna zabuluu, zachikasu, zina zamizeremizere, zikundizungulira ngati ndine mwala. Pambali pake ng'azi ili phee kuothera dzuwa. Ine munthu wakumapiri, wodziwa nsomba ili youma pamsika wa Lizulu, ndinasowa chonena.

Tsono zovuta zake. Ife a ku Dedza thupi linazolowera chisanu, ndipo kutentha kwa kunyanja mu Okutobala kumafoola. Udzudzu ndi wambiri kuposa kwathu, choncho gonani mu neti, ndipo mukabwerako mutu ukangoyamba thamangirani kukayezetsa malungo. Likodzo liliponso, makamaka m'madzi osaya a kufupi ndi midzi. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma kafunseni achipatala nthawi yoyenera kumwa, musangogula.

Chimene chinandiopsa ine ndi mwera. Mphepo imeneyi imawomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo nyanja imasintha mwadzidzidzi. Pobwerera mafunde anayamba kulowa m'boti, ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti majekete oyandamitsa analipo awiri okha pomwe ife tinalipo asanu. Kulakwa kunali kwanga ndithu, ndinakakamira boti lotchipa. Inu muwerenge majeketewo musanakwere, ndipo mugwirizane mtengo muli pamtunda.

Ndiye pitani, mayi, masiku atatu akukwanani. Sankhani Seputembala, mwera utayamba kuchepa koma kutentha kusanafike povuta. Zotsala za mbatatazo musungire feteleza, Zanzibar mudzaiganizire mukadzaona kuti boti simukuliopa.